Mapointi 48 pabwalo, 40 pa tebulo: malamulo a ligi ndi mbiri ya Everton

Mu sizoni ya 2023-24 ya ligi yaikulu ya ku England, yotchedwa Premier League, timu ya Everton inapambana masewero 13, inafanana mphamvu masewero 9, n'kugonja masewero 16. Masamu ake ndi a ku pulayimale: 13 kuchulukitsa ndi 3 ndi 39, kuphatikiza 9 ndi 48. Koma mukatsegula tebulo lomaliza la sizoni imeneyo mupeza Everton ili pa nambala 15 ndi mapointi 40, pambali pa dzina lake pali kanyenyezi. Mapointi 8 amenewo sanatayike pabwalo. Anachotsedwa ndi anthu amene ankasanthula mabuku a ndalama za timuyi.

Chinasokoneza ochemerera ambiri n'chakuti chilangocho chinkasinthasintha sizoni ili mkati: poyamba mapointi 10, kenako 6, kenako ena 2 pamwamba. Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyambira pa tebulo lenilenilo. Lamulo lililonse la pa tebulo linaikidwa ndi anthu pa chaka chodziwika, pofuna kuthetsa vuto lodziwika, ndipo pafupifupi malamulo onsewa anakhudzapo Everton, chifukwa timuyi yakhala mu ligi kuyambira tsiku loyamba.

Tebulo linachokera kuti, nanga limawerengedwa bwanji

Mpaka m'zaka za m'ma 1880 matimu a ku England ankangopangana okha masewero opimana mphamvu, kupatula chikho cha FA. Timu ikapeza mdani wokopa anthu ambiri inkangosiya pangano lakale. Pamene kulipira osewera kunaloledwa mu 1885, matimu anafunika ndalama ya pakhomo yodalirika sabata ndi sabata. William McGregor wa ku Aston Villa ndiye anabweretsa ganizo lakuti matimu amangane pangano: aliyense akumane ndi mnzake kawiri, kwawo ndi koyenda. Ligi inayamba mu 1888 ndi matimu 12, ndipo Everton inali m'gululo.

Timuyi inabadwa mu 1878 ngati timu ya anyamata a tchalitchi cha Methodist cha St Domingo mumzinda wa Liverpool, n'kutenga dzina la dera la Everton chaka chotsatira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bwalo lake kuyambira 1884 linali Anfield, ndipo chikho chake choyamba cha ligi, mu 1891, inachitengera komweko. Mu 1892 akuluakulu a timu anakangana ndi John Houlding, mwini malowo, pa nkhani ya lendi. Everton inasamukira ku Goodison Park, kutsidya kwa paki ya Stanley, ndipo Houlding, atatsala ndi bwalo lopanda timu, anayambitsa Liverpool. Mpaka lero mzinda umenewu ndi wogawanika pakati pa abuluu ndi ofiira, monga momwe Blantyre ilili ndi Manoma ndi Maule.

Pangano la McGregor ndi limene likugwirabe ntchito. Mu ligi ya matimu 20, timu iliyonse imasewera masewero 38, onse pamodzi ndi 380, ndipo mapointi ochuluka amene timu ingapeze ndi 114. Mu ligi ya matimu 16, monga Super League ya ku Malawi, ndi masewero 30 pa timu, 240 onse pamodzi, mapointi osaposa 90. Zilembo za pamwamba pa tebulo zimaimira izi: P ndi masewero omwe yasewera, W opambana, D ofanana mphamvu, L ogonja, GF zigoli zomwe yachinya, GA zomwe yachinyidwa, GD kusiyana kwa ziwirizi, ndipo Pts ndi mapointi.

Malo amene anthu amalakwitsa kwambiri ndi chilembo choyambacho. Sizoni ili mkati, matimu sakhala atasewera masewero ofanana, chifukwa ena amasunthidwa kaamba ka zikho kapena nyengo yoipa. Timu ya mapointi 50 m'masewero 25 ndi ina ya mapointi 46 m'masewero 23 sizikusiyana ndi mapointi 4 enieni, pakuti yachiwiriyo ili ndi masewero awiri apamanja, ndipo ikapambana onse ifika 52. Komabe masewero apamanja ali ngati chimanga chimene chikadali m'munda: sungachiwerengere limodzi ndi cha m'nkhokwe. Njira yolungama yofananitsira matimu otere ndi kugawa mapointi ndi masewero. Pa chitsanzo chathuchi onse awiri ali ndi mapointi 2 pa sewero.

Mtengo wa chipambano

Kwa zaka zoposa 90 chipambano ku England chinali cha mapointi 2, kufanana mphamvu pointi imodzi. Vuto linali lakuti timu yoyenda inkaona pointi imodziyo ngati theka la chipambano, choncho inkangodzaza anthu kumbuyo n'kudikira wezulo yomaliza. Anthu atayamba kuchepa m'mabwalo, ligi inatengera ganizo limene Jimmy Hill ankalimbikitsa, ndipo kuyambira 1981 chipambano chinakhala cha mapointi 3. Bungwe la FIFA linagwiritsa ntchito lamuloli pa chikho cha dziko lonse cha 1994, ndipo posakhalitsa linafalikira paliponse.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa masewero atatu. Pa lamulo lakale, timu yofanana mphamvu katatu inkapeza mapointi 3, pamene yopambana kamodzi n'kugonja kawiri inkapeza 2. Pa lamulo latsopano zonse ziwiri zimapeza 3. Ndiye kuti kuika moyo pachiswe pofuna chigoli chopambanira kunayamba kulipira kuposa kuteteza.

N'chifukwa chake sibwino kufananitsa matebulo a zaka zosiyana mosasamala. Everton ya 1969-70 inatenga ligi ndi mapointi 66, ndipo ya 1984-85, pansi pa mphunzitsi Howard Kendall, inatenga ndi mapointi 90. Woyang'ana mwachangu anganene kuti ya Kendall inali patali. Koma onse anasewera masewero 42, ndipo ya 1970 inapambana 29, kufanana mphamvu 8, kugonja 5, pamene ya 1985 inapambana 28, kufanana mphamvu 6, kugonja 8. Mukawerengera ya 1970 ndi lamulo la lero ikupeza mapointi 95. Onjezaninso kuti ligi yaikulu inachepetsedwa kuchoka pa matimu 22 kufika pa 20 mu 1995, choncho mapointi 100 a Manchester City mu 2017-18 anapezeka m'masewero ochepa ndi anayi.

Mapointi akafanana

Apa ndi pamene maligi amasiyana, ndipo apa ndi pamene mikangano ya ochemerera imakhala yosatha, chifukwa wina amakhala akukamba lamulo la ku Spain pamene mnzake akukamba la ku England.

Mpaka 1976 ku England ankagawa zigoli zochinya ndi zigoli zochinyidwa. Mu 1923-24 Huddersfield Town ndi Cardiff City anamaliza ndi mapointi 57 aliyense. Huddersfield inachinya 60 n'kuchinyidwa 33, zimene zimapereka 1.818. Cardiff inachinya 61 n'kuchinyidwa 34, zimene zimapereka 1.794. Chikho chinapita ku Huddersfield. Koma mukachotsera m'malo mogawa, onse awiri ali ndi +27, ndipo pa lamulo la lero Cardiff ikanakhala katswiri chifukwa inachinya chigoli chimodzi chochuluka. Kugawa kumakomera timu yotseka kumbuyo: kupambana 2-1 kumapereka 2.0, pamene kupambana 5-3, ngakhale kuli kwa zigoli ziwiri, kumapereka 1.67 yokha.

Everton inalawa kuwawa kwa lamuloli mu 1951. Pa tsiku lomaliza inapita ku Sheffield Wednesday ikufuna pointi imodzi yokha kuti ipulumuke, koma inakwapulidwa 6-0. Matimu atatu, Chelsea, Wednesday ndi Everton, anamaliza ndi mapointi 32 aliyense, ndipo otuluka anali awiri. Atagawa zigoli, Chelsea inapulumuka, ikuposa Wednesday ndi 0.044 basi. Wednesday, ngakhale inapambana ndi zigoli zonsezo, inatsika limodzi ndi Everton.

Kuyambira sizoni ya 1976-77 ligi inayamba kuchotsera. Ndondomeko ya Premier League lero ndi iyi: choyamba mapointi, kenako kusiyana kwa zigoli, kenako kuchuluka kwa zigoli zochinya. Zonsezi zikafanana, ndipo malowo ali okhudza chikho, kutuluka mu ligi kapena mipikisano ya ku Ulaya, amayang'ana zotsatira za masewero awiri amene matimuwo anakumana okhaokha, kenako amene anachinya zambiri koyenda m'masewero omwewo, ndipo zikakanikabe amasewera sewero lapadera pabwalo lopanda mwini.

Makwerero amenewa si a m'mabuku okha. Pa 26 Meyi 1989 Arsenal inapita ku Anfield ikufunika kupambana ndi zigoli ziwiri. Michael Thomas anachinya chachiwiri m'mphindi zomaliza, ndipo Arsenal ndi Liverpool anafanana mapointi, 76, anafanananso kusiyana kwa zigoli, +37. Chikho chinagamulidwa pa khwerero lachitatu: Arsenal inachinya 73, Liverpool 65. Mu 2012 matimu awiri a ku Manchester anamaliza ndi 89 aliyense, City ikutsogola ndi +64 kwa +56. Everton nayo lamuloli linaipulumutsa mu 1998: inafanana mphamvu 1-1 ndi Coventry pa tsiku lomaliza, Bolton inagonja ku Chelsea, onse anathera pa mapointi 40, ndipo Bolton inatsika chifukwa inali ndi -20 pamene Everton inali ndi -15.

Ku Spain amayamba ndi masewero okumana okhaokha. Mu 2006-07 Real Madrid ndi Barcelona anafanana pa 76, Barcelona inali ndi zigoli zabwino kwambiri, koma chikho chinapita ku Madrid chifukwa inapambana kwawo n'kukafanana mphamvu ku Camp Nou, kwawo kwa Barcelona. Njira iliyonse ili ndi oikira kumbuyo. Ya ku England imati sizoni yonse iwerengedwe, ndipo chigoli chachinayi chochinya timu yofooka mu Okutobala chili ndi ntchito. Ya ku Spain imati ngati awiri akulimbirana chinthu chimodzi, tione amene anagwetsa mnzake.

Mzere wa pansi, ndi chifukwa chake Everton imauopa

Matimu atatu a kumchira amatsikira mu Championship, ligi yachiwiri ya matimu 24. Kumeneko awiri apamwamba amakwera mwachindunji, ndipo wachitatu amapezeka kudzera m'masewero apadera olimbirana malowo, amene ndime yake yomaliza imachitikira ku Wembley. Kutsika si nkhani ya manyazi okha. Timu yothera pansi penipeni mu Premier League imalandirabe mapaundi oposa 100 miliyoni kuchokera ku ndalama za wailesi yakanema, pamene mu Championship ndalama yotere ndi kachigawo kochepa chabe. Zili ngati wamalonda amene wachotsedwa pamsika waukulu wa mumzinda n'kupita pa kamsika ka m'mudzi, koma antchito ake akuyembekezabe malipiro a mumzinda. Ligi imapereka ndalama yothandizira otsikawa kwa zaka zosaposa zitatu, ndipo imachepa chaka ndi chaka.

Mumamva kawirikawiri kuti mapointi 40 ndiwo chipulumutso. Limeneli si lamulo, ndi chizolowezi chabe. West Ham inatsika ndi 42 mu 2003, West Bromwich Albion inapulumuka ndi 34 mu 2005. Chofunika ndi kukhala pamwamba pa matimu atatu, kaya ali ndi mapointi angati.

Kuyambira 1888 Everton yakhala kunja kwa ligi yaikulu masizoni anayi okha. Koyamba inatsika mu 1930, patangopita zaka ziwiri wosewera wake Dixie Dean atachinya zigoli 60 mu ligi mu sizoni imodzi, chiwerengero chimene palibe wachifikapo mpaka lero. Inabwerera mwamsanga: akatswiri a ligi yachiwiri mu 1931, akatswiri a ligi yaikulu mu 1932, chikho cha FA mu 1933. Kachiwiri ndi kuja kwa 1951, ndipo inakwera mu 1954. Kuchokera pamenepo sinatsikenso, ndipo ndi Arsenal yokha, imene ili pamwamba kuyambira 1919, yomwe yakhalitsa kuposa pamenepa.

Zikho za ligi ili nazo 9: 1891, 1915, 1928, 1932, 1939, 1963, 1970, 1985 ndi 1987. Ochemerera ake amakumbukira kuti katatu konse timu yawo itafika pachimake, zochitika za kunja kwa bwalo zinaidula miyendo. Mu 1915 ndi mu 1939 inali katswiri pamene nkhondo zikuluzikulu zinaimitsa ligi. Mu 1985 inatenga ligi ndi chikho cha ku Ulaya cha Cup Winners' Cup, koma ngozi ya pa bwalo la Heysel ku Belgium, pomwe anthu 39 anafa pa chipwirikiti cha ochemerera pa sewero la Liverpool ndi Juventus, inachititsa kuti matimu onse a ku England aletsedwe ku Ulaya kwa zaka zisanu. Chikho chachikulu chomaliza ndi cha FA mu 1995. Zaka zotsatira mbiri yake yakhala ya kupulumukira pakamwa pa ng'ona: mu 1994 inali kumbuyo 2-0 kwa Wimbledon pa tsiku lomaliza n'kupambana 3-2, mu 1998 ndi zija za Bolton, ndipo mu 2023 chigoli chimodzi cha Abdoulaye Doucouré pokumana ndi Bournemouth chinaisunga pa nambala 17 ndi mapointi 36. Timu yotereyi ikalandidwa mapointi 10 mu Novembala, nkhani yake ndi ya moyo ndi imfa.

Lamulo la ndalama

Kulanda mapointi si kwachilendo. Mu 1990-91 Arsenal inalandidwa 2 ndipo Manchester United imodzi chifukwa osewera anamenyana pabwalo. Middlesbrough inalandidwa 3 mu 1996-97 chifukwa chosapita kukasewera ndi Blackburn, ndipo mapointi atatu omwewo ndi amene anaitsitsa. Portsmouth inalandidwa 9 mu 2010 italephera kubweza ngongole n'kugwa m'manja mwa oyendetsa makampani akugwa. Chatsopano pa Everton chinali chakuti inali yoyamba mu Premier League kulangidwa pa malamulo a kayendetsedwe ka ndalama otchedwa PSR, amene matimu anagwirizana mu 2013.

Pa nthawi ya milandu ya Everton, lamuloli linkati pa zaka zitatu zotsatizana timu isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni, kutanthauza 35 miliyoni pa chaka. Pa ndalamayi, 15 miliyoni yokha ndi imene timu inkaloledwa kuluza payokha, ndipo 90 miliyoni yotsalayo mwini timu ankayenera kutsimikiza kuti aikwirira ndi ndalama yake. Si ndalama iliyonse yotuluka imene inkawerengedwa. Zomangira bwalo, zosulira achinyamata, timu ya amayi ndi ntchito zothandiza anthu a m'dera zinkachotsedwa, ndipo zotayika chifukwa cha Covid-19 zinachotsedwanso. Timu imene yakhala mu Championship pa zina mwa zakazo malire ake ankatsika, chifukwa chaka cha kumeneko chinkawerengedwa 13 miliyoni.

Mbali yovuta kumva ndi momwe mtengo wa wosewera umalembedwera. Timu ikagula wosewera pa 50 miliyoni n'kumupatsa kontirakiti ya zaka zisanu, m'mabuku simulembedwa 50 miliyoni chaka chimenecho. Mumalembedwa 10 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu, monga momwe mwini chigayo amagawira mtengo wa injini pa zaka zimene idzagwire ntchito. Zaka ziwiri zikatha wosewerayo amakhala wa 30 miliyoni m'mabuku. Akagulitsidwa pa 35 miliyoni phindu ndi 5 miliyoni, akagulitsidwa pa 20 miliyoni timu yaluza 10 miliyoni. Koma phindu la kugulitsa limalowa lonse nthawi imodzi, ndipo mnyamata wosulidwa ndi timuyo alibe mtengo wogulira. Ali ngati mbuzi yobadwira m'khola lako: ndalama yonse imene waigulitsa ndi phindu. N'chifukwa chake matimu opanikizika amathamangira kugulitsa ana awo enieni tsiku la 30 Juni lisanakwane, pakuti ambiri amatseka mabuku pa tsiku limeneli. Everton inagulitsa Anthony Gordon, mwana wa m'nyumba, ku Newcastle mu Januwale 2023.

Mavuto a Everton anayamba Farhad Moshiri atagula gawo la timuyi mu 2016. Ndalama zambiri zinapita kwa osewera odula a malipiro okwera amene sanakweze timu pa tebulo, aphunzitsi ankasinthidwa pafupipafupi n'kumalipidwa pochoka, ndipo nthawi yomweyo timu inkamanga bwalo latsopano pa doko la Bramley-Moore. Mu Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, inadulanso mgwirizano ndi makampani a Alisher Usmanov, wamalonda wolemera wa ku Russia, omwe ankaithandiza.

Chifukwa chake nambala inkasintha

Premier League siigamula yokha. Imatsegula mlandu, ndipo komiti yoyima payokha ndi imene imamva mbali zonse. Pa 17 Novembala 2023 komiti yoyamba inapeza kuti pa nthawi yothera sizoni ya 2021-22 Everton inaluza 124.5 miliyoni, kupyola malire ndi 19.5 miliyoni. Mkangano waukulu unali pa chiwongola dzanja cha ngongole zina: Everton inkati ndi za bwalo choncho zichotsedwe, ligi inkakana. Chilango chinali mapointi 10, ndipo timu inagwa kuchoka pa nambala 14 ndi mapointi 14 kufika pa nambala 19 ndi mapointi 4. Pa sewero lotsatira ku Goodison Park anthu zikwizikwi ananyamula timapepala tapinki totsutsa ligi. Everton inagonja 3-0 kwa Manchester United tsiku limenelo, koma inapambana masewero anayi otsatira a ligi pansi pa mphunzitsi Sean Dyche.

Pa 26 Febuluwale 2024 komiti ya apilo inatsitsa chilango kufika pa 6. Inapeza zolakwika ziwiri. Komiti yoyamba inalanga timuyi ngati kuti inabisa chilungamo pa nkhani ya ngongole za bwalo, pamene mlandu umenewo sunali pa pepala lotsegulira. Komanso sinafananitse chilangocho ndi zilango zina zomwe zilipo, monga mapointi 9 a timu yogweratu ndi ngongole. Kenako mu Epulo panabwera mlandu wachiwiri, wa zaka zothera 2022-23, pomwe inapyola ndi 16.6 miliyoni. Apa analanda mapointi 2 okha, poganizira kuti zaka zina zinali zitalangidwa kale mu mlandu woyamba komanso kuti timu inavomera msanga. 6 ndi 2, ndiwo 8 aja.

Mwezi wa Malichi Nottingham Forest inali italandidwa 4. Malire ake anali 61 miliyoni, chifukwa zaka ziwiri inali mu Championship, ndipo inapyola ndi 34.5 miliyoni. Forest inadziteteza kuti inachedwetsa dala kugulitsa Brennan Johnson mpaka pa 1 Sepitembala 2023 kuti ipeze mtengo wabwino, 47.5 miliyoni kuchokera ku Tottenham. Komiti inati tsiku lotseka mabuku linali litadutsa, komabe inachepetsako chilango chifukwa timuyi inavomera ndi kuthandiza pa kafukufuku.

Pomaliza onse awiri anapulumuka, Everton ndi 40, Forest ndi 32, chifukwa atatu a pansi, Luton, Burnley ndi Sheffield United, anathera pa 26, 24 ndi 16. Popanda chilango Everton ikanathera pa nambala 12, ndipo popeza malo aliwonse pa tebulo ali ndi mphotho yake ya ndalama, malo atatu amenewo anaidyera thumba. Mu Disembala 2024 timuyi inagulidwa ndi Friedkin Group ya ku America. Timu ya abambo inasewera komaliza ku Goodison Park pa 18 Meyi 2025, kugonjetsa Southampton 2-0, n'kusamukira ku bwalo latsopano la anthu oposa 52,000.

Mafunso amene sanathe

Loyamba ndi la muyezo. M'malamulo a PSR munalibe ndandanda yonena kuti kupyola ndi ndalama zakuti ndi mapointi akuti. N'chifukwa chake kupyola ndi 19.5 miliyoni kunabala 6 pamene kupyola ndi 34.5 miliyoni kunabala 4. Ena amati komiti iyenera kukhala ndi ufulu woyeza mlandu uliwonse payokha. Ena amati popanda muyezo wolembedwa palibe angadziwe ngati walangidwa mofanana ndi mnzake. Koma muyezo ukalembedwa, mwini timu wolemera sangangowerengera kuti mapointi 4 ndi mtengo wotsika wogulira osewera?

Lachiwiri ndi la nthawi, ndipo ili ndi lolemera kuposa onse. Mlandu woyamba wa Everton unali wa zaka zothera 2021-22, koma chilango chinagwa mu 2023-24. Mu 2021-22 Everton inathera pa 39 ndipo Burnley inatsika ndi 35. Mapointi 6 akanachotsedwa sizoni yomweyo, Everton ikanakhala ndi 33 ndipo ikanatsika m'malo mwa Burnley. Burnley inadandaula kuti ipatsidwe chipukuta misozi. Kodi ndalama ingabweze malo mu ligi? Nanga tebulo la sizoni yotha lingatsegulidwenso? Ku Italy zinachitikapo mu 2006, pomwe Juventus inalandidwa zikho ziwiri n'kutsitsidwa, koma mlandu wake unali wokhudza oyimbira. Ku England milandu yoposa 100 imene Premier League inatsegulira Manchester City mu Febuluwale 2023, yokhudza zaka za pakati pa 2009 ndi 2018, inayamba kumvedwa mu Sepitembala 2024, City ikuikana yonse, ndipo masizoni atatu anatha chigamulo chisanatuluke. Leicester nayo inawina apilo mu 2024 ponena kuti pa tsiku lotseka mabuku ake inali itatsika kale, choncho komiti ya Premier League inalibe mphamvu pa iyo.

Lachitatu ndi la cholinga cha lamulolo. Oliikira kumbuyo amaloza Portsmouth, imene inatenga chikho cha FA mu 2008 n'kugwa ndi ngongole patangopita zaka ziwiri, komanso Bury, imene inachotsedwa mu ligi mu 2019 itakhalamo zaka 125. Otsutsa amati timu yopeza 600 miliyoni pa chaka ndi yopeza 170 miliyoni zikapatsidwa malire ofanana a kuluza, yaikuluyo imakhalabe pamwamba, ndipo 105 miliyoni ya 2013 sinakwezedwe pamene mitengo ya osewera inakwera kwambiri. Bungwe la UEFA linasankha njira ina, yakuti ndalama zopita kwa osewera, aphunzitsi ndi maejenti zisapyole magawo 70 pa 100 aliwonse a ndalama zimene timu imapeza. Njirayi imateteza timu ku ngongole, koma imamangiriranso mphamvu ya timu ku kukula kwa thumba lake.

Ndipo pali funso la amene amamva ululu. Amene anasaina makontirakiti odula ku Everton ambiri anali atachoka pamene chilango chinkagwa. Mapointi anachotsedwa kwa osewera ndi mphunzitsi amene anawapeza, pamaso pa ochemerera amene analipira matikiti. Chindapusa cha ndalama sichiwopseza mwini timu wa mabiliyoni, kuletsa kugula osewera kumatenga nthawi kuti kulume, ndipo mapointi ndiwo chinthu chokhacho chimene aliyense mu ligi amachiopa. Ndi chilango chiti chimene chingafike kwa wolakwa weniweni popanda kusintha zimene zinachitika pabwalo?